Lendi ya Zaka Ziwiri

Bambo Ashitey amalipiritsa ngakhale kungoona chabe.
Masedi makumi asanu chitseko chisanatseguke,
mafungulo ali ngwerengwere m'thumba la malaya,
ena mwa iwo, ndikukhulupirira, satsegula kanthu.

Aka n'kachitatu ndikuwatsata pambuyo Loweruka,
nditangoweruka ntchito ya usiku ku Korle Bu,
m'maso muli mchenga, nsapato zoyera zafiira.

Ku East Legon ananditengera dala, kuti ndidziwe msinkhu wanga.
Mipanda yaitali kuposa mitengo ya mango,
pamwamba waya wamagetsi,
mtengo akuutchula m'madola, osaphethira.
Nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi
koma mumagona munthu mmodzi:
mlonda, pa katoni, m'galaja.
Eni ake ali ku Toronto, amabwera Disembala
kudzatsegula mazenera.
Ndinapereka moni mumsewu, anayankha ndi galu.

Ku Jamestown moni suyamba ndiwe.
Usanafike pakhomo adziwa kale kuti ndiwe namwino,
mayi wina wakwinya nsalu kukuonetsa chotupa cha pabondo,
utsi wa nsomba walowa m'tsitsi, watenga malo.
Anyamata a ku Bukom akumenya thumba la mchenga
ngati linawabera.
Chipinda chinalipo, chotsika mtengo,
koma nyumbayo anasiya malemu kwa zidzukulu makumi atatu
ndipo aliyense amati lendi ndi yake.
Bafa lili tsidya la msewu, umalipira polowa.

Nanga ku Kaneshie kuno? ndinafunsa.
Sanayankhe. Khoma linayankha lokha:
mzere wa matope wofika m'chiuno,
chidindo cha mvula ya mu Juni.
Anapakapo penti kawiri. Mzerewo unabwerera.

Kasoa amakoma m'khutu.
Zipinda ziwiri, matailosi, mpopi wakowako.
Koma Kasoa amalipiritsa m'maola:
kudzuka folo koloko, kukalambira m'minibasi,
mwana wanga Selorm kumusiya ali m'tulo,
kumupeza ali m'tulo,
kumadziwa kuti wakula poona bulangete lafupika.
Nyumba za kumeneko zili ndi zitsulo zotulukira padenga,
zala zopempha nsanjika
imene ndalama yake sinabadwe.

Ndipo konseko nyimbo ndi imodzi:
zaka ziwiri, ulipiriretu.
Ndigule lero tulo ta chaka cha mkuja,
ine amene malipiro anga amatha mpweya
mwezi uli pakati.

Nima panalibe pa pepala la Bambo Ashitey.
Anati n'kothinana, n'kwaphokoso, ngalande zake zimanunkha.
Sananame.
Ndinapitako ndekha Lachiwiri lina
kukatsuka bala la Hajiya Rakia,
amene anatuluka m'wodi mwanga akukangana ndi dokotala.
Tinjira take n'topapatiza, mapewa amapatsa moni makoma onse awiri,
jinja ndi tsabola zikuyetsemulitsa,
telala akusoka pakhomo, wometa akumeta pakhomo,
mbuzi ili pamwamba pa galimoto yakufa
ngati ndiyo inagula.

Atamva kuti ndikusaka nyumba
anaseka mpaka bala linawakumbutsa.
Kuseri kunali chipinda cha mwana wawo amene anasamukira ku Tamale.
Denga limadontha pangodya imodzi.
Anandionetsa okha ngodyayo,
ndi beseni lake lomwe.
Miyezi isanu ndi umodzi, anatero, zinazo tidzaona,
koma Lachisanu lililonse uzindiyeza kuthamanga kwa magazi,
ndipo usamandinene za mchere.

Tsopano mzikiti ndiwo umandidzutsa, wotchi ndinaipumitsa.
Selorm amanenerera tomato m'Chihausa
ndipo waphunziranso mawu ena awiri
amene ndamuletsa kubwereza.

Dzulo usiku Bambo Ashitey anaimba foni.
Kwapezeka kanyumba ku Adenta, kampanda,
madzi amabwera pa thanki, kawiri pa sabata ngati Mulungu alola.
Kungoona ndi masedi makumi asanu ndi limodzi, zinthu zakwera.
Ndinati ndiganize kaye.
Malata anali atayamba kulira,
ndinadzuka mumdima
n'kukankhira beseni ndi phazi pamalo pake.